Chimodzi, Dumpha, Zinayi

Alamu anga a Orval Tjaden anakwatira mlongo wanga Lorna ine ndisanayambe n'kumeta ndevu komwe, ndipo kuyambira pamenepo sanasiye kundiyesa mwana. Ndinamera imvi, ndinaona zidzukulu, koma kwa iwo ndinali ndidakali "Merle wa manja oterera". Ntchito yawo inali yokonza mijigo yamphepo, ija imapopera ng'ombe madzi m'mapiri athu amchengawa. Zaka makumi anayi akukwera nsanja zachitsulo, mphepo ya Nebraska ikuwakoka malaya, sanagwepo ngakhale kamodzi, ndipo ankati n'chifukwa choti sanakwerepo mothamanga. Anali munthu wochedwa pa chilichonse. Kudya ankachedwa, kuyankha ankachedwa, kukwiya komwe ankachedwa, moti ukawalakwira Lolemba ankadzakukalipira Lachinayi.

Chimene ankakonda pambuyo pa Lorna, ngakhale Lornayo ankati patsogolo pake, chinali mfuti zakale za m'manja, zija zokhala ndi kang'oma kozungulira ka mabowo asanu ndi limodzi. Anali nazo khumi ndi imodzi, ndipo panalibe yonyezimira. Ina anapatsidwa ndi mayi wina wamasiye itakulungidwa m'sokosi, ina anasinthanitsa ndi chishalo cha hatchi, ndipo yakale kuposa zonse inali ya agogo awo, amene anabwera nayo kuno pangolo. Munthu akawauza kuti azipukute kuti ziwale, ankamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi.

"Pomwe pachita mbuu apa," ankatero, "ndi pomwe pankagwira chala cha munthu wina kwa zaka makumi atatu. Ndimufufute chifukwa chiyani? Anandilakwira?"

Sizinali mfuti zongokongoletsa nyumba. Zipolopolo ankapanga okha m'kashedi kawo, kusungunula mtovu, kuthira wonga wakuda wachikale uja, ndipo chilichonse ankachidontheza kumbuyo utoto wofiira wa zikhadabo za Lorna, kuti chisasokonezeke ndi zipolopolo zamakono zimene zingaphulitse chitsulo chokalamba. Loweruka lililonse m'mawa ndinkakawatenga pa galimoto yanga n'kupita kudzenje lamchenga kuseri kwa busa lawo. Ankatenga mfuti imodzi yokha, mosinthanasinthana kuti ina isachite nsanje, ndipo tinkaombera zitini za khofi. Wonga umenewo umatulutsa utsi wambiri wonunkha ngati mazira owola. Ine ndinkatsokomola, iwo ankaukoka ngati fungo la nyama yowotcha.

Tikabwerako inkayamba nkhondo ya m'khitchini. Wonga wakuda ukagona m'chitsulo usiku umodzi wokha umayambitsa dzimbiri, choncho a Orval ankamasula mfuti yonse n'kuitsuka ndi madzi otentha ndi sopo m'sinki ya Lorna, kenako n'kuiumitsa mu uvuni wake.

"Inu a Orval, mabanzi anga akununkha nkhondo!" Lorna ankafuula.

"Ndiye kukoma kwake kumeneko, mayi. Funsa mlongo wakoyu, wadya atatu."

"Ameneyo angadye ndi nsapato yomwe, bola ikhale ya eni."

Zaka makumi asanu akukangana nkhani imodzimodziyo, ndipo sindikhulupirira kuti panali amene ankafuna kupambana.

Malamulo a alamu pa mfuti anali awiri okha, koma anali olimba ngati mwala. Loyamba linali la kapatsidwe. Akamakupatsira mfuti ankatsegula kachitseko kam'mbali, kuzunguza kang'oma kuti uone wekha kuwala m'bowo lililonse, kenako n'kukulozetsa chigwiriro. Ndipo sankaisiya mpaka utanena kuti "Ndagwira." Ukangokoka osalankhula, mumatha kuima choncho mpaka dzuwa kulowa. Abusa athu omwe anaimitsidwapo motero.

Lachiwiri linali la zipolopolo. Mabowo ndi asanu ndi limodzi, koma mfuti zakalezi siziikidwa zipolopolo zodzadza. Kanyundo kake kakatsamira pa chipolopolo, kugunda pang'ono chabe mfuti imalira yokha. Ndiye umaika chimodzi, kudumpha bowo limodzi, kuika zinayi, ndipo ukakoka kanyundo n'kukatsitsa kamakagona pabowo lopanda kanthu. A Orval ankanena mawuwo chapansipansi nthawi iliyonse, ngati pemphero la chakudya: "Chimodzi, dumpha, zinayi." Sanaphunzire zimenezi m'buku. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anaona amalume awo akumanga chishalo, mfuti yodzadza ili m'chiuno. Chopondera chachitsulo chinatsetsereka pachishalo n'kugwera pa kanyundo, chipolopolo n'kulowa m'ntchafu. Amalumewo anatsirizika asanafike nawo kuchipatala ku Mullen. Choncho munthu akaika zodzadza pamchenga wa a Orval, kaya ndi mlendo wolemekezeka bwanji, ankamukweza galimoto n'kumubweza, ndipo pa nkhani imeneyi yokha sankachedwa kukwiya.

Panali chinthu china chimene chinkawadya mumtima, ndipo anandiuza kamodzi kokha. Linali Loweruka lina titamaliza kuombera, titakhala kumbuyo kwa galimoto tikumwa khofi. Nthawi imeneyo anali adakali amphamvu, akukwerabe nsanja. Anandikumbutsa za bambo awo, amene atakalamba mutu unabalalika. A Orval ndi abale awo anachita mantha, koma kuwauza pamaso kunawakanika, ndiye anangolowa m'nyumba mkuluyo ali kutchalitchi n'kuchotsa mfuti zonse. Bambo aja anazifunafuna miyezi isanu ndi itatu. Anagwetsa makabati, ananamizira anansi kuti ndi mbava, anafika polira pakhonde, ndipo anamwalira akukhulupirira kuti anaberedwa.

"Ndipo anaberedwadi," anatero a Orval. "Ndi ana awo. Tamvera kuno, mlamu. Matenda amenewa amayenda m'magazi. Tsiku lomwe udzandione ndaika sikisi, usadzandibere. Udzandiuze pamaso, ngati munthu. Ndidzakupatsa ndekha."

"Inu alamu, mudzaiwala dzina lanu lomwe koma osati zimenezo," ndinatero ndikuseka.

"Sindikuseka ine. Lonjeza."

Ndinalonjeza, pakamwa pali banzi. Kulonjeza n'kosavuta dzuwa likamawala, ndipo sindinakumbukire kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Panapita zaka khumi ndi ziwiri. Kenako tinthu tinayamba. Makiyi anapezeka m'firiji. Galu wawo anayamba kumuitana dzina la galu amene anafa kalekale. Tsiku lina anapita ku Thedford kukagula misomali n'kuima pamphambano osadziwa kolowera, munthu amene ankadziwa mjigo uliwonse m'dera lonseli ngakhale kuli chifunga. Dokotala wa ku North Platte anatchula dzina la matendawo, Lorna anatenga makiyi a galimoto, ndipo a Orval anangogwedeza mutu. Zinthu zinkachoka m'manja mwawo chimodzichimodzi. Chinatsala ndi Loweruka.

Lorna ankandikokera pambali kawirikawiri. "Kumchenga kuja zikuyenda bwanji? Undiuze zoona, Merle."

"Ali bwino kuposa ine, achemwali," ndinkayankha, ndipo kwa chaka chathunthu zinali zoona. Mutu unkaiwala koma manja ankakumbuka. Munthu amene kunyumba ankafunsa funso limodzi kasanu, akafika pamchenga ankawongoka msana, maso n'kuwala, n'kuyamba kundinyoza kuti chitini ndingachilase pokhapokha nditachivala kumutu. Mphamvu zinali zitachepa, ndiye ankaombera ulendo umodzi wokha, zipolopolo zisanu basi, koma sabata yonse ankakhalira zisanu zimenezo. Lorna ankati Lachisanu madzulo ankayala okha malaya awo pampando.

Ndiye linafika Loweruka lina la mu Okutobala, udzu utafiira, kukuzizira pang'ono. Ndinali nditaima pambali pawo monga mwa masiku onse. Chimene ndinayamba kuzindikira n'chakuti milomo yawo sinkagwedera. Anaika chimodzi, chachiwiri pabowo lotsatira, chachitatu, mpaka mabowo onse anadzadza. Anatseka kachitseko, n'kutsitsa kanyundo pang'onopang'ono pa chipolopolo chamoyo, nkhope ili phee ngati palibe chachitika.

Anaigoneka mfutiyo pabulangete, kukamwa kwake kutaloza kuchulu chamchenga, n'kupita kutsogolo kwa galimoto kukavula timakina tawo tothandiza kumva ndi kuvala zotseka m'makutu. Ntchito imeneyo inkawatengera nthawi, poti anali a Orval. Mawu aja anali pakamwa panga, ndinkangofunika kuwatulutsa. Koma m'maganizo ndinaona malaya aja oyalidwa pampando, ndinaona masiku asanu ndi awiri ofanana opanda Loweruka pakati pake. Ndinatola mfuti ija, kutsegula, kuchotsa chipolopolo chimodzi, kugoneka kanyundo pabowo lopanda kanthu, n'kuibwezera pabulangete. Atabwerako anaombera kasanu, kulasa zitini zinayi, n'kundiseka njira yonse. Chipolopolo chija ndinachiponya m'kabokosi ka phulusa la fodya m'galimoto, momwe ndimasungamo tizitsulo chisiyireni kusuta.

Ndinadziuza kuti kamodzi si kanthu. Loweruka lotsatira anaika bwinobwino, akunena mawu awo, ndipo ndinapuma. Koma linzakelo anadzadzanso, ine n'kuchotsanso. Pofika mu Disembala m'kabokosi muja munali zinayi. Lorna anandifunsa kawiri, ndipo kawiri konse ndinamunamiza mlongo wanga ndikumuyang'ana m'maso. Ndinkadzitcha wachifundo, koma kunena zoona ndinali wamantha chabe. Manyazi anapha lambe, ndipo ine ndinkaopa kuona nkhope ya munthu ndikumulanda chinthu chake chomaliza. Mwinanso ndinkaopera Loweruka langa lomwe, poti chimwalirireni mkazi wanga nanenso ndinalibe kwina kopita.

Anandigwira m'mawa wina kukuwala bwino, chisanu chitachita mbuu paudzu. M'mawa ndi pomwe mutu wawo unkakhala bwino. Tinali titangodutsa chipata chachiwiri cha busa, iwo akufunafuna kotokosera m'mano, ndipo anakoka kabokosi kaja. Ndinamva zipolopolo zikugundana. Anatola chimodzi, kuchitembenuza, n'kuona kadontho kofiira ka utoto wa Lorna.

"Imitsa galimoto," anatero.

Ndinaimitsa. Anazitulutsa zonse zinayi n'kuziimika pamzere patsogolo pawo, mosamala, motalikirana mofanana ngati zitini zathu. Ndinkayembekeza kuti mwina aiwala chomwe amafuna kufunsa, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti ndinapempheradi zimenezo.

"Zipolopolo zanga sizituluka m'shedi koma m'thumba mwanga," anatero. "Izi zikutani muno?"

"Mwina zinagwa, alamu."

"Merle. Ndine wodwala, sindine chitsiru. Kangati?"

"Kanayi."

"Lorna akudziwa?"

"Ayi."

Anapumira m'mwamba. Sanakweze mawu, ndipo bola akanandikalipira.

"Ndiye wandibera," anatero. "Ngati mmene tinawabera bambo. Iwe wangoba pang'onopang'ono."

"Ndimafuna mukhale ndi Loweruka lina, alamu. Limodzi lokha. Kenako linanso. Ndimakhala ndili pompo, ndimayang'ana, palibe chikanachitika."

"Nanga tsiku lomwe ukanagona ndi chimfine? Ine n'kutsegula kabati ndekha, kuika sikisi, n'kulowa nayo m'khitchini momwe mlongo wako akukanda mabanzi? Manja angawa ukuwaona mmene akunjenjemera? Ikanagwa pansi, ukanati chifundo chako chathandiza ndani?"

Ndinangoyang'ana chiwongolero, misozi ikutsika yokha, mwamuna wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi.

"Pukuta mamina," anatero. "Ndipo unene. Unalonjeza kundiuza pamaso. Nkhope yanga ndi iyi, ndikumvetsera."

"Mwadziwa kale, alamu."

"Ndadziwa ndekha ngati munthu wogwira mbava. Ndikufuna ndimve kwa mlamu wanga. Fulumira, mutuwu sindikudziwa kuti ukhala nane mpaka nthawi yanji."

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana. "A Orval, mwakhala mukuika sikisi. Nthawi yakwana."

Anagwedeza mutu kawiri, pang'onopang'ono. "Zikomo," anatero. "Wachedwa, koma poti unaphunzira kwa ine, ndikukhululukira. Tiye, zitini zikudikira."

Tsiku limenelo anali atatenga ya agogo awo. Anandiuza kuti ndiime pafupi ndiyang'anitsitse, ndipo anaika akunena mokweza, liwu likumveka dzenje lonse: "Chimodzi. Dumpha. Zinayi." Anaombera mosathamanga, akumadikira utsi uyambe wachoka asanakokenso kanyundo. Analasa zitini zitatu. Atamaliza anaima kanthawi akukoka fungo lija, kenako anati, "Ziwiri zija ndakusiyira dala, kuti usamadzimvere chisoni."

Titafika kunyumba anamuuza okha Lorna, ali chiimire pakhomo la khitchini, chipewa chili m'manja. Lorna anandiyang'ana kamodzi, diso limene ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wanga udzakambidwa tsiku lina. Kenako anachotsa mbale zonse m'sinki, kutsegula madzi otentha, n'kuyatsa uvuni. Mabanzi amene anali atawakonza kale anawaika pambali. A Orval anatsuka mfuti ija kachidutswa ndi kachidutswa, ndipo Lorna anaima pambali pawo ndi kansalu akupukuta, chinthu chimene sanachitepo m'zaka makumi asanu.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, anatsegula kabati yachitsulo m'chipinda chakumbuyo n'kundiuza kuti ndiyale bulangete m'bokosi. Anatulutsa yoyamba, ija ya m'sokosi. Anatsegula kachitseko, kuzunguza kang'oma kuti ndione kuwala m'mabowo onse, n'kundilozetsa chigwiriro.

"Ndagwira," ndinatero, iwo n'kusiya.

Zinapita choncho imodzi ndi imodzi. Pa ina ankanena kumene anaipeza, pa ina ankaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali, nkhani yake itawathawa, ndipo Lorna ankawakumbutsa chapansipansi kuchokera pakhomo. Ndinanena "Ndagwira" kakhumi. Yomaliza inali ya agogo ija, idakali yofunda ndi moto wa mu uvuni. Anaizunguza, ndinaona kuwala kasanu ndi kamodzi, ndinagwira chigwiriro pomwe panali posalala ndi manja a anthu atatu a banja lawo. Koma mawu aja sindinawanene. Ndinkadziwa kuti ndikangonena mawu amenewo, dzanja lawo lisiya ndipo silidzagwiranso. Tinaima choncho, iwo mbali iyi, ine mbali iyo.

"Nena, mlamu," anatero mofatsa. "Mkono watopa."

"Ndagwira."

Anasiya. Anayang'ana chikhatho chawo chopanda kanthu, n'kuchipukuta pathalauza, n'kufunsa Lorna ngati mabanzi aja angalowe tsopano mu uvuni.

Padutsa zaka zitatu. Mfuti zili kwanga, ndipo sindinapukute ngakhale imodzi kuti iwale. Loweruka ndimakawatengabe, kukakhala kosazizira kwambiri. Ndimawakhazika pampando kumbuyo kwa galimoto, bulangete pamiyendo, zotseka m'makutu, ine n'kumaombera. Ndimaika ndikunena mawu aja mokweza kuti amve, ngakhale sindikudziwa ngati amawafika. Dzina langa analitaya chaka chatha. Masiku ena amandiyesa mng'ono wawo, masiku ena munthu wobwera kudzakonza mjigo. Koma utsi ukawafika amatukula mutu n'kuukoka, ndipo nkhope yawo imamasuka.

Ndikamaliza ndimathira khofi m'kapu yawo yachitsulo, theka lokha kuti asadzitayire. Lorna amati ndizingowamwetsa, n'kosavuta. Ine ndimakana. Ndimatembenuza kapuyo kuti chogwirira chiloze kwa iwo, n'kudikira. Zala zawo zimafufuza, zimapeza, zimakulunga. Ine sindisiya. Nthawi zina timakhala choncho mpaka khofi kuyamba kuzizira, mphepo ikutimwaza mchenga m'maso, iwo akuyang'ana kapu, kenako ine, ngati munthu amene akufuna chinthu m'thumba lakuya kwambiri. Loweruka lapitali ndinayesa kuti basi liwu lijanso lapita, ndipo mkono wanga unali utatopa. Kenako milomo yawo inagwedera.

"Ndagwira," anatero.

Ndipo ndinasiya.